A Symon Awiri Pageti

Ndamera, Nsanje
9 Juni 2024

Mphwanga Gabriel,

Moni wa kwa Ndamera. Ngati muli bwino iwe, mlamu Princess ndi kamlendo kathu katsopano, ife tingoti takhuta kwa Mulungu. Kuno tilipo. Madzi abwerera mu Shire, mbatata za kudimba zagwira, ndipo mlamu wako Juliana wanenepa mpaka njinga ikudandaula.

Tamva kuti mwana mwamutcha Symon. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndiye kuti a Symon Zuze takwana atatu: ine mwini wake, iwe wobwereka, ndi kakhandako. Wa ku positi ku boma anandifunsa kale ngati ndimadzilembera ndekha makalata posowa wocheza naye, poona ndikulemba pa emvulopu kuti Kopolo Symon Zuze.

Nkhani ya mwanayi yawakumbutsa amayi za 2005, ndipo akuibwereza tsiku ndi tsiku. Akuti tinalemba limodzi Sitandade 8, ine n'kusankhidwa kupita ku sekondale, iwe n'kutsala. Mwezi womwewo ng'ona n'kutenga bambo. Ngalawa ndi khasu zinkafuna mwini, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Amayi anati malo a kusekondalewo asapite pachabe, dzina n'ngati nkhwangwa, pachibale amabwerekana. Unanyamula sutikesi, n'kunyamulanso dzina langa. Ine sindinadandaulepo. Ndikamva kuti Symon Zuze wakwezedwa udindo, ndimayenda chotukula mapewa ngati mikwingwirimayo ili pamkono panga.

Chimene ndakulembera ndi maso a amayi. Lakumanzere linafa kale, lakumanja likuona zinthu ngati muutsi. Adokotala ku boma ati si ng'ala yoti n'kupala ayi, ndi mtsempha umene ukufa, ndipo pofika dzinja mwina mdima udzakhala utatseka. Iwo sakupempha mankhwala. Akufuna kuona nkhope ya mdzukulu wawo diso lisanatseke. Alukira kale mkanda wa m'chiuno, mopapasa, masiku anayi.

Iwe unati tchuthi sakupatsa mpaka Disembala. Ndiye ndibwera nawo ine. Tiuze tsiku ndi njira. Foni yanga paja inapita ndi madzi chaka chatha, yankha pakalata.

Ndine mkulu wako,
Symon weniweni


Ku balakisi
2 Julayi 2024

Achimwene,

Ndalandira kalata yanu. Ife tili bwino, mwana akuyamwa bwino. Za maso a amayi zandikhudza kwambiri.

Abwere, koma mumvetse kuti kuno si kumudzi kumene mlendo amangoti odi n'kulowa. Dzina la mlendo ndimalipereka ku ofesi kutatsala masiku atatu. Akafika pageti amaonetsa chiphaso cha unzika, chenicheni osati fotokope, ndipo kalata ya kwa mfumu salola. Chiphasocho chimatsala pageti, iye amalembedwa m'buku n'kupatsidwa kakhadi kovala m'khosi. Kenako amandiitana, ine ndimasaina kuti mlendoyu ndikumudziwa ndipo chilichonse angachite chili pamutu panga. Kujambula zithunzi n'koletsedwa. Wopanda chilolezo chogona amatuluka isanakwane 5 koloko madzulo.

Ndalembetsa amayi ndi Imelda pa Loweruka la pa 10 Ogasiti. Mlongo wathuyo achoke ku Kapichira, adzawatenge, abwere nawo. Inu musavutike, achimwene. Dimba silifuna kusiyidwa nthawi ino, ndipo ulendo ndi wautali. Tidzaonana mu Disembala.

Chinanso, nthabwala ya dzina ija muzichepetsako m'makalata. M'malaini muno nyumba n'zogundana, ukatsokomola mnzako amayankha. Princess amadziwa kuti ndili ndi mbale kumudzi, zambiri sindinamuuze.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine,
S. Zuze


Ndamera
21 Julayi 2024

Gabriel,

Moni. Tonse tadzuka bwino, amayi akuwerenga masiku ndi njere za chimanga m'kambale.

Malamulo ako ndawamva, ndipo ndawawerengera amayi kawiri. Ati kulowa kumwamba kukuoneka kosavuta. Koma za Imelda iwala. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, miyendo yatupa, ndipo mwamuna wake sangamulole kukwera minibasi ya ku Thabwa. Ngati wauza iwe mosiyana, wakunamiza.

Tsono ndiyankhule monga mkulu wako. Dimba lakhala liti nkhawa yako? Ndaona kumene mtima wako wagona. Ukuopa kuti ndifika ndi zidendene zong'aluka, ndikununkha utsi wa nsomba, n'kukuchititsa manyazi pamaso pa mkazi wako wa m'tauni. Usade nkhawa, mwana wa amayi. Ndagula nsapato pa Marka, jekete ndabwereka kwa akatekisiti, ndipo ndalonjeza Juliana kuti sindikaseka mokweza. Chiphaso changa chilipo, chinapulumuka madzi chifukwa ndinachimanga m'jumbo pamodzi ndi khadi la ubatizo.

Ingofufuta dzina la Imelda ulembepo langa. Kulilemba sungalakwitse, umalisaina tsiku lililonse.

Tifika pa 10 pomwepo.

Mkulu wako,
Symon


Ku balakisi
5 Ogasiti 2024

Achimwene,

Kalata yanu yafika lero. Chonde musabwere. Si za nsapato ayi. Chiphaso chanu ndi changa zili ndi dzina limodzi, mudzi umodzi ndi tsiku lobadwa limodzi, chifukwa ine ndinatsata zimene zili pa satifiketi. Zikakumana patebulo limodzi pageti pano, ntchito yanga yatha, mwinanso ndende. Pezani munthu wina aliyense. Mukawerenga muotche.

Gabriel


Ndamera
14 Ogasiti 2024

Mlongo wanga Imelda,

Moni kwa iwe ndi alamu. Ndikhulupirira miyendo ikuphwa. Unandiuza kuti ndikabwera ndikuuze ngati mwana wa Gabriel anatenga mphuno ya kwathu. Mphunoyo sindinaione. Khala pansi uwerenge.

Tinanyamuka Lachisanu, kabaza mpaka pa boma, minibasi mpaka Blantyre, n'kugona kwa mwana wa akatekisiti. Tinatenga nsomba zouma za makakana, ufa wa mchewere ndi tambala wofiira uja. Njira yonse amayi anandigwira pamkono apa, osataya, ngakhale pokhala pampando. Ankandifunsa kuti tafika pati, ine ndikuwauza, iwo n'kumati m'chilankhulo cha kwathu, "Pyadidi, pyadidi, zili bwino."

Loweruka cha m'ma 10 koloko tinafika pageti. Pali chitsulo chotchinga msewu, kanyumba pambali, ndi asilikali awiri. Mmodzi anatilonjera mwaulemu, n'kutenga ziphaso zathu.

"Mwabwera kwa ndani, bambo?"

"Kwa Kopolo Symon Zuze."

"Inuyo dzina?"

"Symon Zuze."

Anaseka, inenso ndinaseka. Anayang'ana m'buku, n'kupeza dzina la amayi ndi lako, langa mulibe. Ndinafotokoza za pakati pako. Anati zimenezo zimakonzeka, aitane sajeni. Sajeniyo anabwera, munthu wamkulu wa imvi m'mbali, n'kulowa ndi chiphaso changa m'kanyumba muja. Anakhalitsa. Potuluka anali ndi fayilo m'manja, ndipo kuseka kunali kutatha.

"Bambo, mayina amafanana, zimenezo timaziona. Koma apa dzina limodzi, mudzi umodzi, tsiku lobadwa 14 Febuluwale 1990 nonse awiri, ndipo mayi ndi awa omwewa. Mayi mmodzi sabereka a Symon awiri tsiku limodzi. Chiphaso china mwa ziwirizi n'chabodza."

Imelda, pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. Ine ndinkadziwa kuti ndinabwereketsa dzina. Sindinkadziwa kuti ndi tsiku langa lobadwa lomwe linapita.

Anaitana Gabriel. Anabwera chothamanga, atavala yunifolomu, wonenepa bwino, wofanana ndi malemu bambo mpaka kayendedwe. Mtima wanga wopusawu unakondwa. Ndinatsala pang'ono kufuula dzina lake la kumudzi, koma ndinadzigwira kuti ndisamuonongere. Ndinkati iye ndi wophunzira, apeza mawu otitulutsa tonse awiri.

Sajeni anafunsa, "Kopolo, munthu uyu mukumudziwa?"

Iye osandiyang'ana anati, "Ndikumudziwa, bwana. Ndi mng'ono wanga Gabriel. Mutu wake suyenda bwino chidwalireni malungo aakulu ali mwana. Amakonda kudzitcha dzina langa, ndipo pa kalembera wa ziphaso anakalembetsa choncho ife osadziwa."

Mng'ono wanga! Ine amene ndinamubereka kumbuyo powoloka madzi a ku Dinde. Mawuwo anatuluka osapunthwa ngakhale pamodzi, ndipo ndinadziwa kuti sanawapeze pamenepo. Anali atawakonza kale, n'kuwasunga.

Ndinati, "Bwana, ine si wamisala." Koma ukudziwa, wamisala aliyense amatero.

Sajeniyo sanali wopusa. Anatembenukira kwa amayi. "Mayi, inu ndinu munabereka. Musaope. Symon ndi uti pa awiriwa?"

 Zala za amayi zinali zikadali pamkono panga. Kenako zinamasuka, chimodzi chimodzi. Anatambasula dzanja kumene kunachokera mawu a Gabriel.

"Ndi uyo walankhulayo."

Za Gabriel ndikanazimeza, mlongo wanga, mantha amasandutsa munthu galu. Koma dzanja lija.

Amayi anawaveka kakhadi m'khosi n'kulowa. Makakana analowa, ufa unalowa, tambala naye analowa wopanda chiphaso. Ine anandikhazika pabenchi m'chipinda cha alonda. Msilikali wina anandipatsa tiyi, akundilankhula pang'onopang'ono mokweza monga amachitira ndi odwala mutu, n'kumanditchula kuti a Gabriel. Ndinayankha. Ukanatani iwe?

Sajeni anati mlandu wa chiphaso chabodza ndi wa kupolisi, koma poti kopolo wandipepesera kuti ndine wodwala, andisiya. Chiphaso anachisunga mpaka nkhani idzawongoke. Amayi anali ndi chilolezo chogona masiku awiri, koma 3 koloko isanakwane anatuluka, akuti mutu ukuwawawa. Gabriel anawaperekeza mpaka pa chitsulo chija, n'kubwerera. Amayi anaima okha pamsewu akupapasa mphepo. Ndinapita n'kuwapatsa mkono, poti wina wowapatsa panalibe.

Kuchokera kumeneko mpaka kwa Ndamera sanafunsenso kuti tafika pati.

Pofika kunyumba ndinapeza kalata ya Gabriel yoti tisapite. Inafika Loweruka lomwelo. Akuti ndikawerenga ndiotche. Sindinaotche.

Ubereke bwino. Mwanayo umupatse dzina lakelake.

Mlongo wako,
Symon


Ku balakisi
22 Ogasiti 2024

Achimwene,

Ndikhulupirira munayenda bwino. Ndikudziwa kuti mwakwiya, ndipo simukulakwa. Koma taganizani mofatsa. Ndinakulemberani kuti musabwere. Ndinalembetsa Imelda dala. Inu munaumirira, n'kuika chiphaso chanu m'manja mwa sajeni. Pamenepo ndikanati chiyani? Ndikananena zoona, tsikulo akanandivula yunifolomu, satifiketi n'kufa, penshoni n'kufa, nyumba n'kulandidwa, Princess ndi khanda la miyezi itatu n'kukhala pamsewu. Inunso akanakutengani, chifukwa munapereka dzinalo mukudziwa. Mawu aja anali oipa, koma ndi amene anakutulutsani m'chipinda chija. Ndinakupulumutsani, ngakhale simungazione lero.

Nkhani sinathe. Sajeni wandipatsa mpaka kumapeto kwa Okutobala kuti ndibweretse umboni woti chiphaso chanu chakonzedwa. Ndikupempha, achimwene, mupite ku boma ndi amayi ngati mboni, mukalembetse monga Gabriel Zuze, wobadwa 1992. Ndi pepala chabe. Kumudzi aliyense apitiriza kukuitanani monga kale, mbatata sizifunsa dzina la mlimi. Ine dzinali ndi limene ndimadyera.

Ngati khadi la ubatizo lija mukadali nalo, musalionetse kwa munthu.

Munandinyamula kuyambira kale. Ndinyamuleni komaliza. Chibale ndi fupa, sichiola.

Mng'ono wanu


Ndamera
15 Seputembala 2024

Mwananga Gabriel,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi Juliana, ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse. Ndakutchula dzina limene ndinakupatsa ine, poti pano palibe sajeni.

Kuno pinthu si pyadidi tayu. Mkulu wako sanandinyoze, sananditukwane. Bola akanatero. Madzi osamba amanditengera, kutchalitchi amanditsogolera, nsomba amandichotsera minga. Koma chibwerere sananditchulepo kuti amayi. Amati, "Juliana, apatse chakudya mayi a kopolo."

Pageti paja ndinaganiza mofulumira ngati munthu amene ngalawa ikumira. Ndinati uyu ali ndi khanda ndi ntchito ya boma, akagwa sadzukanso. Uyu winayu ndi wolimba, wasenza zambiri, asenzanso ichi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikumusenzetsa chifukwa sadandaula. Ndinaiwala kuti wosadandaula nayenso ali ndi msana.

Ndipo ndikuuze chimene sindinakuuze m'nyumba mwako. Mwana uja sindinamuone. Mkazi wako anamuika pamiyendo panga, anatsegula makatani, ananditembenuzira kuwindo. Ndinati ndamuona, ngokongola. Nkhabe, ndinanama, mwananga. Ndinaona utsi wokhawokha. Ndinamumanga mkanda mopapasa. Ndinagulitsa mwana wanga woyamba kuti ndione chinthu chimene sindinachione.

Tsopano diso latsekeratu. Bwera, usadikire Disembala. Udzagwade pakhomo pa mkulu wako, anthu akuona, unene ndi pakamwa pako kuti iye ndani. Kalata sigwada.

Mayi ako,
Clotilda

Alamu, apa ndikulemba ndine Juliana, amayi sakudziwa. Sabata yatha kunabwera olemba mayina a olandira mbewu za kudimba. Amafuna chiphaso. Amuna anga anaima pamzere kuyambira m'mawa, atafika patebulo anabwezedwa, anthu akuona. Mwana wathu Witness anafunsidwa kusukulu ngati n'zoona kuti bambo ake ndi amisala, poti nkhani inafika kuno ndi kondakitala wa minibasi. Munati ndi pepala chabe. Ndangoti mudziwe.


Ndamera
20 Okutobala 2024

Kwa Kopolo Symon Zuze,

Moni. Ndikhulupirira inu, akazi anu ndi mwana muli bwino. Kuno kwatentha monga mwa Okutobala. Imelda anabereka mwana wamkazi.

Amayi anakuitanani mwezi watha. Tinadikira ma Loweruka anayi. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ankatukula mutu. Simunabwere, simunayankhe.

Lachiwiri ndinapita ku boma. Ndinawakweza amayi pa kabaza, tinakaima pamzere. Kalaliki anafunsa dzina langa. Ndinayang'ana amayi. Iwo anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kunena kuti, "Ine ndinanama kamodzi, sindibwereza. Uyu ndi Symon, mwana wanga woyamba." Ndinachita kumuuza kalalikiyo kuti agogowa akalamba, mutu wawo suyenda bwino, amasokoneza ana awo. Mawu ake ndinaphunzira kwa inu. Amatuluka mosavuta, ndaona.

Kapepala kosonyeza kuti ndalembetsa monga Gabriel Zuze ndakaika m'kalata muno, mukapatse sajeni. Ndaikamonso khadi langa la ubatizo ndi kalata yanu imene munati ndiotche. Palibenso pepala kuno limene lingakugwetseni. Muzigona tulo.

Musaganize kuti ndachitira fupa lanu lija. Ndachitira khanda limene silinalakwe, ndi ana anga amene akufuna mbewu. Akulu anati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka. Yanga sinaguluke, yangosintha mwini. M'nyumba mwanu muli a Symon awiri tsopano, kuno kulibe ndi mmodzi yemwe.

Malamulo a kwanu aja ndinawakonda, ndipo ndawakhazikitsa pakhomo panga. Pano palibe chitsulo, pali mpanda wa bango wokha, koma mlendo azinena dzina lake ndi la munthu amene wamudzera, ndipo mwini nyumba azivomera kuti akumudziwa.

Amayi akudya pang'ono masiku ano, mwendo umodzi uli kale panjira. Tsiku lidzafika limene mudzatsike minibasi ndi yunifolomu yanu, mudzi wonse utakhala pansi pa mtondo paja, anthu amene anakuonani mukukwawa. Ine ndidzakhala pakhomo. Ndidzakufunsani mwaulemu monga anandifunsira msilikali uja: inuyo dzina, ndipo mwabwera kwa ndani?

Muli ndi nthawi yokonzekera yankho. Paja mumatha kukonzeratu mawu.

Ine,
Gabriel Zuze